Momwe mungawerengere kadyedwe ka trout musanasankhe nyambo

Kuno ku Kasungu trout kulibe, ndipo amene angakuuzeni kuti anaigwira mu Bua kapena mu Dwangwa mwina anagwira nsomba ina. Madzi athu amafunda. Trout imadya bwino madzi akamazizira pakati pa madigiri 10 ndi 16, ndipo akapyola 20 imafooka n'kusiya kudya. N'chifukwa chake m'Malawi muno imapezeka kumapiri kokha: pamwamba pa phiri la Zomba, m'mitsinje ya paphiri la Mulanje, ndi ku Nyika. Mtundu umene tili nawo ndi rainbow trout, wochokera kumadzulo kwa North America, ndipo anabwera nawo ndi atsamunda.

Tsono kuchoka pano kupita ku Nyika ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Mutsata M1 mpaka ku Mzuzu, mukhotere ku Rumphi, mudutse Bolero, mulowe pageti la Thazima, kenako makilomita ena pafupifupi 60 a msewu wafumbi kuti mukafike pa Chelinda pamene pali madamu atatu a trout. Munthu amene wawotcha mafuta onsewo asakaime m'mbali mwa damu n'kumangosinthasintha nyambo mwachimbulimbuli. Trout amaiwedza ndi mbedza yovekedwa nthenga ndi ubweya kuti ioneke ngati kachilombo, imene eni masewerawa amati fly, ndipo m'kabokosi kamodzi mumakhala mitundu yambirimbiri. Yoti mumange pachingwe imakuuzani ndi nsomba yomwe, mukadziwa kuiyang'ana. Luso limeneli mukhoza kuyamba kuliphunzira konkuno, pa matemba ndi makumba a m'madamu a m'maesiteti a fodya, chifukwa nawonso amadya mosiya zizindikiro pamadzi.

Choyamba: ndodo pansi, maso pamadzi

Mukafika musaponye. Khalani pansi mphindi khumi kapena kupitirira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa trout mawuwa ndi enieni. Nsomba imeneyi imaona zakumtunda kudzera pa kabwalo kozungulira kamene kali pamwamba pa mutu wake. Munthu woima njo m'mphepete, malaya oyera, imamuona msanga, koma wogwada kapena wobisala kuseri kwa tchire samalowa m'kabwaloko. Kuponda mwamphamvu nakonso imakumva kudzera m'mzere wa m'nthiti mwake. Chithunzithunzi chanu chikagwera padziwe, basi, dziwe limenelo lisiyeni kaye.

Mumtsinje trout imayang'ana kumene madzi akuchokera, ndiye muziyandikira kuchokera kumunsi, kumbuyo kwake. Siyendayenda kufuna chakudya ayi. Imaima kuseri kwa mwala kapena pamene madzi othamanga akukumana ndi odekha, n'kumadikira kuti madzi aibweretsere, monga munthu wa kuchigayo amene watchera thumba lake pakamwa potulukira ufa. Funani mzere wa thovu. Pamene madzi akusonkhanitsa thovu ndi tizinyalala ndi pomwenso akusonkhanitsa tizilombo. Ngati mungapeze magalasi a polarized, valani, amachotsa kunyezimira kwa madzi ndipo mumaona mpaka pansi. Chipewa cha mlomo chimathandizanso.

Chachiwiri: werengani kathuvulidwe ka madzi

Funso lalikulu ndi limodzi: ikudyera pati? Pamwamba penipeni, pansi pang'ono pa khungu la madzi, kapena pansi kwenikweni? Mukalakwa apa, nyambo yanu ikongole bwanji, mubwerera chimanjamanja.

Mukaona kabwalo kakang'ono kakufutukuka mwakachetechete, pakati pake n'kutsala kathovu kamodzi, dziwani kuti nsombayo yatola chinthu pamwamba penipeni. Kathovuko ndi mpweya umene yameza pamodzi ndi kachilombo, n'kuutulutsira m'makha. Kudya kofatsa koteroko kumasonyeza kuti chimene ikudyacho sichingathawe: kachilombo kakang'ono kwambiri, kapena kamene kafa kataikira mazira, mapiko ali tambalale pamadzi. Apa pafunika nyambo yoyandama, yaing'ono.

Koma pali kadyedwe kena kamene kamapusitsa anthu ambiri. Mumaona msana, kenako chipsepse cha pamsana, kenako mchira, zikutuluka pang'onopang'ono n'kumira, pakamwa osaonekera kunja, thovu palibe. Maso amati ikudya pamwamba, pamene ikutola ana a tizilombo amene akwera kuchokera pansi ndipo akanirira pakhungu la madzi, akulimbana ndi kuvula chikopa kuti auluke. Nthawi imeneyo kachilombo kalibe kothawira, ndipo trout imadziwa. Mukaponya yoyandama bwinobwino pa nsomba yotere, imangoidutsa. Ifunika nyambo yoti thako lake limire, mutu wokha ndiwo uzioneka. Nthawi zina ngakhale msana suoneka, madzi amangotukumuka n'kuphwa. Pamenepo nsomba yatembenuka masentimita ochepa pansi, ndipo mumange nymph, nyambo yonga mwana wa kachilombo wa m'madzi, yopepuka, yomira pang'ono chabe.

Kuthuvula kwamphamvu, kwa phava, madzi n'kuwazika, ndiye kuti ikuthamangitsa chinthu chofulumira: kachilombo kouluka msanga kakangotuluka m'madzi, tombolombo wodzaikira mazira, kapena chiwala chimene chagwa n'kumapalasa miyendo. Musakomedwe nalo phokosolo. Kawirikawiri zophokosera ndi zing'onozing'ono. Yaikulu siononga mphamvu zake pachabe, imangotsegula pakamwa n'kusiya kabwalo kochepa zedi pansi pa udzu wolendewera. Ine ndikaona ziwirizi nthawi imodzi, ndimayamba ndi yachete.

M'mphepete mwa damu, m'madzi osaya, mukaona tinsomba tikubalalika ndipo kumbuyo kwake kukubwera funde losongoka, imeneyo ikusaka nyama: tinsomba, ambululu, kapena ana a tombolombo. Iwalani zoyandama. Mangani streamer, nyambo yomira yooneka ngati kansomba, ndipo muziikoka modukizadukiza.

Nanga pamadzi pakakhala zii? Sikuti nsomba zagona. Chakudya chambiri cha trout chimadyedwa pansi pa madzi, osaonekera kunja. Yang'anitsitsani pansi. Kakuyera kamene kamaoneka n'kuzimiririka ndi m'kamwa mwake pamene ikutsegula ndi kutseka. Kung'anima kwa nthiti ndiye kuti yapendekeka kutola chinthu pamwala. Mchira ukaloza kumwamba, mutu pansi, ikufukula m'ndere. Zonsezi zikufuna nymph yolemera yofika pamene pali nsombayo.

Werenganinso nthawi. Nsomba imene ikutulukira pamalo amodzimodzi masekondi angapo aliwonse yapeza mtundu umodzi wa tizilombo umene ukutuluka wambiri, ndipo imeneyo imakana china chilichonse. Yotuluka kamodzi n'kusowa yangotola chogwera, ndipo siivuta kunyenga. Padamu zimasiyana pang'ono, chifukwa madzi sayenda ndiye nsomba ndiyo imayenda. Mukaona mabwalo atatu otsatana, onani kumene akulowera, muponye patsogolo pake mamita awiri kapena atatu, osati pabwalo lomaliza pamene yachoka kale.

Chachitatu: pezani chimene ikudya

Pindani buluku, lowani m'madzi osaya kumunsi kwa dziwe, nyamulani mwala wa m'madzi othamanga, muutembenuze. Poyamba muona ngati palibe kanthu. Dikirani madzi atsike. Tiyamba kuyenda tizilombo taphanthiphanthi, tabulauni, ta michira iwiri kapena itatu yonga tsitsi, tothamangira kumthunzi kwa mwalawo. Amenewo ndi ana a mayfly, amene akakula amakhala pamadzi mapiko ali chiimire. Muonanso timachubu ta mchenga ndi tizitsotso tomatirira pamwala. Finyani kamodzi pang'ono, mutuluka kamphutsi kobiriwira kapena koyererako, ka mutu wakuda. Ameneyo ndi mwana wa caddis, ndipo wamkulu wake amafanana ndi kanjenjete kopinda mapiko pamsana, kamene kamauluka kwambiri chakumadzulo. M'matope a m'damu mumakhala timphutsi tofiira piriwiri, ana a tiudzudzu tosaluma, abale ake a nkhungu za kunyanja. Nkhanu zing'onozing'ono nazo trout imadya.

Tengani kasefa ka tiyi m'thumba. Mukakaviika pamzere wa thovu kwa mphindi imodzi, kakuonetsani zimene zikuyandama. Neti ya udzudzu isiyeni kunyumba, ntchito yake ndi ina. Yang'ananinso ukonde wa akangaude pa udzu wa m'mbali, umasunga zimene zinauluka dzulo madzulo. Anamzeze akayamba kuuluka chapansipansi pamwamba pa madzi, tizilombo tayamba kutuluka, konzekani. Tsiku la mphepo pa udzu wa ku Nyika, yendani m'mphepete muone ngati ziwala zikudumpha patsogolo panu. Zikamadumpha, zina zikugwera m'madzi, ndipo nsomba zimasonkhana mbali imene mphepo ikukankhira.

Chachinayi: kukula, kaumbidwe, mtundu pomalizira

Ikani kachilombo kamene mwagwira pachikhatho, mutsegule kabokosi, muyerekeze. Yambani ndi kukula. Manambala a mbedza amayenda chobwerera: nambala 10 ndi yaikulu, 18 ndi yaing'ono kwambiri. Kachilombo kouluka kamaoneka kakakulu kuposa mmene kalili, ndiye mukakayika pakati pa 14 ndi 16, tengani 16. Kenako kaumbidwe: koonda kapena konenepa, mapiko oima kapena ogona. Mtundu umabwera pomalizira, ndipo kawirikawiri nkhani ndi yoti koderako kapena kowalirako basi, chifukwa nsomba yoyang'ana kumwamba imaona kwambiri mdima wa chinthu kusiyana ndi utoto wake.

Simufunika mitundu zana. Pa nyambo zoyandama, yotchedwa Adams imaimira mayfly, Elk Hair Caddis imaimira caddis, ndipo yaikulu yake imatha kulowa m'malo mwa chiwala. Yomira, Pheasant Tail ndi ya tizilombo toonda, Hare's Ear ndi ya tonenepa taubweya. Pheasant Tail anaiyambitsa ndi Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku England, ndipo ankaimanga ndi zinthu ziwiri zokha, nthenga ndi waya wa kopa. Woolly Bugger yakuda kapena yobiriwira imagwira ntchito ya mbululu, kansomba ndi mwana wa tombolombo. Onjezani nyerere yakuda. Kabokosi katha.

Zimenezi simuzipeza mumsika wa Kasungu, koma zomangira zake zili pakhomo. Nthenga za m'khosi mwa tambala ndi zouma, zimayandamitsa. Nthenga zamawangamawanga za nkhanga ndi zofewa, zimagwedera m'madzi ngati miyendo ya kachilombo. Ubweya wa kalulu umapanga thupi, ulusi wosokera umamanga, ndipo waya wa kopa wa m'wailesi yakufa umapatsa kulemera. Nyambo yomanga nokha ikaoneka yonyankhalala musaitaye, trout imakonda zotero kuposa zosalala.

Chachisanu: ikakana, sinthani chimodzi

Kachilombo keniko kamayenda liwiro la madzi. Nyambo yanu ikamakokedwa ndi chingwe n'kumasiya kamzere kumbuyo, nsomba imadziwa kuti pali chinyengo. Ikani maso pa kathovu kamene kali pafupi ndi nyamboyo. Zikamayenda limodzi, zili bwino. Nyambo ikapitirira thovu kapena kutsalira, ponyaninso, chingwe chikhale chokhwepa pang'ono. Anthu ambiri amasintha nyambo pamene vuto ndi limeneli.

Ikabwera, n'kuyang'ana, n'kubwerera, ndiye kuti mwayandikira. Musasinthe zonse. Tengani yocheperako, kuchoka pa nambala 14 kupita pa 16, mtundu womwewo. Ikakanabe, ikani kachingwe ka kumapeto kopyapyala, kolembedwa 5X m'malo mwa 4X. Ikakananso, tsitsani nyambo pansi pa khungu la madzi. Ikapanda kusuntha n'komwe ngakhale nyambo yadutsa pamutu pake kangapo, mwalakwitsa kuya kwake, bwererani ku chachiwiri chija. Ndipo ikatenga yoyandama, dzanja lisafulumire monga timachitira ndi matemba. Dikirani mutu uloze pansi, kenako kwezani ndodo. Mukatsomphola msanga mumaichotsa nyambo m'kamwa.

Ngati malamulo a pamalopo akulola kutenga nsomba, yoyambayo itumbuleni pomwepo. Finyirani za m'mimba mwake m'mbale yoyera ya madzi pang'ono, mugwedeze. Zidzalekana, ndipo zimene zili chakukhosi ndi zimene yadya posachedwa. Palibe buku limene lingakuuzeni zoona kuposa mbaleyo. Yobwezera m'madzi igwireni ndi manja onyowa, musaigoneke pamchenga, ndipo kaminga ka mbedza mukaphwanyiretu ndi pulayala kuti izichoka msanga. Chilolezo chowedzera dulani kaye, ndipo mufunsiretu za nyengo yololedwa ndi chiwerengero chotenga, chifukwa Nyika ndi malo otetezedwa ndi boma. Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choyera pa udzu, m'mawa nsomba zimakhala pansi, ndipo zimayamba kukwera dzuwa likafunditsa madzi.

Poyeserera konkuno, nthawi yabwino ndi ya mvula yoyamba, Novembala kapena Disembala, ngumbi ndi mafulufute zikamatuluka. Pitani padamu madzulo a tsiku limenelo. Muona makumba akutola mwakachetechete, matemba akuthuvula, mlamba ukubwera ndi kukamwa kwake konse, chilichonse ndi kabwalo kakekake. Mangani ngumbi ya thupi la ulusi wabulauni ndi nthenga ziwiri zoyera pa mbedza nambala 12, muyese. Amene akufuna nsomba yolimbana ngati trout osakwera phiri, Bua yomweyi imene imayambira ku Mchinji ili ndi mpasa kumunsi kwake, m'nkhalango ya Nkhotakota, yochokera kunyanja kudzaswana. Mpasa imasaka tinsomba, ndiye imafuna streamer. Yachepa kwambiri, choncho yogwidwa ibwerere m'madzi, ndipo kumenekonso chilolezo ndi chofunika. Zoviika miyendo zija ndi za kumapiri kokha. Mu Bua muli ng'ona, ponyani muli kumtunda.