Momwe mungapezere matanthauzo a mawu achilendo a Chingerezi ofanana zilembo

M'Chingerezi muli mawu ena omwe samvekamveka pocheza, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi zilembo zogundana modabwitsa, monga *pt*, *mn* ndi *rrh*. Kawirikawiri zilembo zoterezi zimasonyeza kuti liwulo linachokera ku Chigiriki, choncho m'malo moloweza liwu lililonse palokha, ndi bwino kuwaika mawuwo m'magulu, kupeza tsinde lawo, kenaka kutsimikiza ngati onse alidi apachibale.

Yambani ndi kusonkhanitsa mawuwo. Tengani kope, mulembe pamwamba pa tsamba zilembo zomwe mwasankha, ndipo pansi pake muzindandalika liwu lililonse lomwe mwakumana nalo powerenga. Ngati muli ndi intaneti, tsamba la OneLook limalola kuika kanyenyezi kumbuyo ndi kutsogolo kwa zilembozo, n'kukutulutsirani mawu onse omwe ali nazo, kaya zili koyambirira, pakati kapena kumapeto. Musatenge onse, chifukwa ena ndi a akatswiri okhaokha; mawu khumi ndi okwanira kuyambira.

Mukatero, funani m'gululo liwu limodzi lomwe mumalidziwa kale ndipo muligawe pamalo oyenera. Pa gulu la *pter*, liwu lodziwika ndi *helicopter*. Anthu ambiri amaligawa kuti *heli* ndi *copter*, koma malire ake enieni ali pakati pa *helico*, kutanthauza chinthu chopotana, ndi *pter*, lomwe linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti *pteron*, phiko. Mukangogwira kuti *pter* ndi phiko, mawu enawo savutanso. *Pterodactyl* ndi chokwawa chouluka cha makedzana chomwe phiko lake linkatambasuka kuchokera pa chala chimodzi chachitali, pakuti *dactyl* ndi chala. *Diptera* ndi gulu la tizilombo ta mapiko awiri, momwe muli ntchentche ndi udzudzu, pomwe *Lepidoptera* ndi gulu la agulugufe ndi njenjete, ndipo dzinalo limanena za mamba ang'onoang'ono a pa mapiko awo, aja amatsalira pa zala ngati fumbi mukagwira gulugufe. *Apteryx* ndi dzina la sayansi la mbalame ya ku New Zealand yotchedwa kiwi, ndipo *a* woyambirirayo amatanthauza kupanda. Kunena zoona mbalameyi timapiko ili nato, kungoti n'tating'ono kwambiri moti singauluke.

Gulu la *mn* limayenda chimodzimodzi, ndipo tsinde lake limanena za kukumbukira. *Mnemonic* ndi njira yothandiza kukumbukira zinthu, *amnesia* ndi kulephera kukumbukira zakale chifukwa cha matenda kapena kuvulala, ndipo *amnesty* ndi chikhululukiro chomwe boma limapereka kwa gulu la anthu, ngati kuti mlandu wawo waiwalika.

Gawo lomwe ophunzira ambiri amalilumpha, ngakhale kuti ndi lofunika koposa, ndi lotsimikiza. Kufanana kwa zilembo si umboni wa chibale, choncho liwu lililonse lifufuzeni mu mtanthauziramawu wofotokoza chiyambi cha mawu, monga Oxford English Dictionary kapena Merriam-Webster, ndipo muwerenge kachigawo konena za komwe linachokera, osati tanthauzo lokha. *Ptarmigan* ndi mbalame ya kumapiri ozizira yomwe nthenga zake zimayera nyengo yachisanu, ndipo poti ndi mbalame, munthu angafulumire kuiika m'gulu la phiko lija. Komatu dzinali linachokera ku chiyankhulo cha Gaelic cha ku Scotland, komwe lilibe *p* n'komwe. Chilembochi chinawonjezedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 poganiza molakwika kuti liwulo ndi la Chigiriki. *Ptosis*, kugwa kwa chikope cha pamwamba, ndi la Chigiriki ndithu, koma tsinde lake ndi lakuti kugwa. Nawo mawu monga *autumn*, *column* ndi *solemn* ali ndi *mn*, koma anachokera ku Chilatini ndipo sakhudzana ndi kukumbukira.

Gulu la *rrh* ndi labwino kuyesererapo chifukwa muli zonse ziwiri, mawu apachibale ndi onyenga. Ambiri anachokera ku liwu lotanthauza kuyenda kwa zamadzimadzi: *diarrhoea* ndi kutsegula m'mimba, *catarrh* ndi kuchuluka kwa mamina m'mphuno ndi kummero, *rhinorrhoea* ndi kuchucha kwa mphuno, ndipo *logorrhoea* ndi kulongolola kosalekeza, mawu kumangotuluka osaima. Koma *haemorrhage*, kutaya magazi kwambiri, lili ndi tsinde lina lotanthauza kuphulika. *Cirrhosis*, matenda owononga chiwindi, linaperekedwa ndi dokotala wa ku France René Laennec mu 1819 potengera mtundu wachikasu woderako womwe chiwindi chodwalacho chimaonetsa, pomwe *myrrh*, mure wotchulidwa m'Baibulo, linalowa m'Chigiriki kuchokera ku ziyankhulo za Chisemiti. Mawu onyengawa alembeni m'mphepete mwa tsamba ndi cholembera cha mtundu wina, kuti pobwereza musawasakanize ndi anzawo.

Pofufuza, kumbukiraninso kuti kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America kamasiyana pa mawu ambiri a m'magulu amenewa. A ku Britain amalemba *diarrhoea* ndi *haemorrhage*, pomwe a ku America amachotsa chilembo chimodzi n'kulemba *diarrhea* ndi *hemorrhage*, choncho liwu likasowa mu mtanthauziramawu wanu, yesani kalembedwe kenako musanaganize kuti mulibe. Katchulidwe nako kamafuna kusamala: *p* wa mu *pterodactyl* ndi *m* woyamba wa mu *mnemonic* satchulidwa akakhala koyambirira kwa liwu, koma amamveka akakhala pakati, monga mu *helicopter* ndi *amnesia*. Pambali pa liwu lililonse lembani katchulidwe kake ndi chiganizo chimodzi chomwe mwapanga nokha, ndipo pakapita masiku angapo phimbani matanthauzowo ndi pepala, muone ngati mungawapezenso pongoyang'ana tsinde.