Kupeza ndi kuchotsa quantum interference poyeza mzere wa 1083 nm wa helium

Mzere wa 1083 nm ndi kuwala kumene atomu ya helium imayamwa ndi kutulutsa ikamasuntha pakati pa milingo ya mphamvu ya 2³S₁ ndi 2³P (2³P₀, 2³P₁, 2³P₂). Leza ikalunjikitsidwa pa 2³P₁, atomu ya helium yochokera mu 2³S₁ imathanso kudzera ku 2³P₂, ngakhale 2³P₂ ili patali ndi 2.29 GHz. Njira ziwirizi zimakathera pamalo amodzi, ndipo detector (chida cholandira kuwala) singadziwe kuti kuwala kwadzera iti. Zikatero zimalowererana (ndiyo quantum interference), mzere n'kupendekeka pang'ono kwambiri moti diso silingaone, koma pakati pake pamasuntha.

Yambani ndi masamu musanakhudze zida. Mzerewu ndi wotambalala 1.6 MHz. Chulukitsani 1.6 MHz ndi 1.6 MHz, mugawe ndi 2291 MHz: mupeza pafupifupi 1 kHz. Ngati mukufuna kulondola kosaposa 1 kHz, monga amafunira oyeza fine structure (kutalikirana kwa milingo ya 2³P) kuti apeze alpha (nambala yosonyeza mphamvu ya kukokana kwa magetsi), vutoli ndi lanu. Pa 2³P₀ ndi locheperako kakhumi n'kupitirira, chifukwa mnzake wapafupi ali pa 29.6 GHz.

Ambiri amalakwa poganiza kuti kuchepetsa mphamvu ya leza kufikira ziro kuthetsa zonse. Poyeza kuwala kotuluka mu atomu sizitero ayi. Kusunthaku kumatsala, chifukwa kumadalira komwe mwaika detector.

Choncho ikani half-wave plate panjira ya leza. Ndi kagalasi kotembenuza polarization, mbali imene kuwala kukugwedezekera. Mukaitembenuza madigiri 10, polarization imatembenuka madigiri 20. Yezani pakati pa mzere pa ngodya za polarization zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, kuyambira 0 mpaka 180. Ngati interference ilipo, manambalawo akwera ndi kutsika motsatira 3cos²θ − 1, pomwe θ ndi ngodya ya pakati pa polarization ndi mbali imene kuli detector. Pa madigiri 54.7 chiwerengerochi chimakhala ziro, ndiye yezerani pamenepo. Musaike polarizer (sefa yolola polarization imodzi yokha) patsogolo pa detector. Ngodyayi isakunyengeni: atomu iliyonse ikamwaza kuwala kangapo, kumwazako (optical pumping) kumasintha mmene maatomu agawikira mu m (timagawo ta mlingo uliwonse), ndipo ziro uja amasuntha. Apa pafunika kuwerengera ndi density matrix (masamu osonyeza mmene maatomu alili m'magawowo) yokhala ndi magawo onse a 2³S₁ ndi 2³P.

Poyerekezera mzere ndi masamu kuti mupeze pakati pake, maonekedwe wamba a Lorentzian kapena Voigt amabisa kupendekekaku. Gwiritsani ntchito Fano-Voigt, yomwe imalola mzere kupendekeka.

Samalaninso ndi plate yeniyeniyo. Ikakhala yosafanana makulidwe, kuitembenuza kumakhotetsa leza. Pa maatomu othamanga 1000 m/s, kukhota kwa 1 µrad (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a radian) kokha kumabweretsa Doppler (kusuntha kwa mzere chifukwa cha liwiro la maatomu) ya 0.9 kHz, yomwe imasinthanso ndi ngodya n'kuoneka ngati interference. Bwezani leza m'njira yomweyo ndi galasi, kapena muunike ndi kamera patali ngati kadontho kake kakuyenda pamene mukutembenuza plate.