Momwe mungatsukire matanki ofululira mowa kuno ku Harare

Mowa ukasasa usanafike kwa akumwa, ambiri timathamangira kuloza chala chimera kapena yisiti. Kawirikawiri vuto limakhala m'thanki. Kuchotsa litsiro ndi ntchito ina, kupha tizilombo ndi inanso, ndipo mankhwala ophera tizilombo sagwira pamalo pomwe pali litsiro.

Mukangochotsa mowa, tsegulani thanki kuti mpweya wa carbon dioxide utuluke wonse. Apa musapupulume. Caustic soda, mankhwala amene titsukire thanki, amamwa mpweya umenewu, ndiye mukamuthira m'thanki yotseka imatha kuphwanyikira mkati ngati chitini chopondedwa. Musasuzumirenso polowetsa mutu, mpweyawo umakomola munthu.

Tsukuluzani ndi madzi ofunda kuti yisiti ndi thovu louma zichoke. Kenako konzani caustic wa 2 peresenti, ndiye kuti magalamu 20 pa lita iliyonse. Muzithira caustic m'madzi ozizira pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic, mutavala magolovesi ndi magalasi. Tenthetsani mpaka madigiri 60 kapena 70 Celsius, pampu izungulitse kwa mphindi 30. Yambani nthawi imene mukudziwa kuti magetsi a ZESA, kampani ya magetsi kuno ku Zimbabwe, alipo, chifukwa pampu ikaima pakati caustic amaumira m'makoma. Ziwiya za aluminiyamu zitalikireni, amazidya.

Pampu ikamaliza ntchito ndipo mwakhetsa caustic, masulani mavalavu, malabala ndi kampopi kolawira mowa, muviike ndi kutsuka ndi burashi. Tizilombo tosasitsa mowa timabisala mmenemo. Waya wokwechera mapoto ayi, timizere timene amasiya ndimo mumakhala litsiro.

Tsukuluzani mpaka kapepala koyezera pH, kamene kamasonyeza ngati caustic watsalira, kaonetse chimodzimodzi ndi madzi amene mukuthira. Mukaona zotuwa zolimba zomatirira m'makoma, zungulitsani asidi wa phosphoric ndi nitric, caustic atachokeratu.

Gawo lomaliza ndi limene ndimalitsindika kwa ofulula a mumzinda muno. Zungulitsani peracetic acid, mankhwala ophera tizilombo, wa 150 mpaka 200 ppm (mamiligalamu 150 mpaka 200 pa lita) m'madzi ozizira kwa mphindi 10 kapena kupitirira, mukhetse, basi osatsukuluzanso. Madzi a kukhonsolo ochokera ku nyanja ya Chivero kudzera ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray safika tsiku lililonse, ambiri timadalira mijigo ndi madzi ogula. Amene tili ndi abale m'madera a Glen View ndi Budiriro sitinaiwale kolera ya 2018, pamene mijigo ina inapezeka ndi tizilombo. Kuthira madzi otere m'thanki yomwe mwamaliza kukonza n'kubwezeramo zomwe mwangopha.

Jik musamuyese pa stainless steel: klorini amaboola chitsulo timaenje ting'onoting'ono, ndipo mowa umanunkha mankhwala.

Iphani tizilombo tsiku lomwelo lothira mowa watsopano, n'kutseka thanki. Ikagonera masiku yopanda kanthu, bwerezani peracetic acid musanathire.