Momwe mungakhalire ku Glasgow, mzinda umene mvula siikata

Kwathu mvula ikayamba timathawira pakhonde la sitolo n'kudikira kuti ikate. Imakhuthuka ola limodzi kapena awiri, mabingu ali m'kati, kenako dzuwa n'kutulukanso. Ngati mukupita ku Glasgow, kaya kusukulu, kuntchito kapena kukaona abale, khalidwe limeneli mulisiye musanakwere ndege. Mukati muuse mvula kumeneko, mudzausa mpaka mawa, kalasi itatha ndipo abwana atakufunani n'kutopa.

Choyamba, dziwani mvula imene mukukakumana nayo

Glasgow ndi mzinda waukulu kuposa yonse ku Scotland, ndipo uli chakumadzulo, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imabwera itasenza chinyezi, n'kuyamba kutula katundu wake mbali ya kumadzuloyi. Ikamafika ku Edinburgh, ulendo wosakwana ola pa sitima, imakhala itapepukidwa. N'chifukwa chake Edinburgh imalandira mamilimita pafupifupi 700 pachaka pamene Glasgow imalandira opitirira 1,100.

Kuchuluka kumeneku sikoopsa ayi, sikusiyana kwenikweni ndi mvula ya ku Blantyre kwathu. Nkhani yagona pa kagwedwe kake. Yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo basi, pamene ya ku Glasgow imamwazikana chaka chonse, masiku pafupifupi 170. Nthawi zambiri imangowaza, yopanda bingu kapena mphezi, ndipo mitambo imatha kuphimba mzinda sabata yathunthu. Amene anakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje m'mwezi wa Juni akuchidziwa chiperoni. Ingoganizani chiperoni chimene sichiyang'ana kalendala.

Ngati mukungopita kukacheza ndipo tsiku mukusankha nokha, sankhani Epulo, Meyi kapena Juni, miyezi imene mvula imachepako. Kuyambira Okutobala mpaka Januwale ndiye pachimake.

Gulani jekete, ambulera ibwere pambuyo

Ndalama yanu yoyamba ipite ku jekete yosalowa madzi, yokhala ndi chipewa chake chomangika pachibwano. Ambulera imathandiza mvula ikamagwa kuchokera kumwamba, koma ya ku Glasgow kawirikawiri imabwera cham'mbali, itakankhidwa ndi mphepo. Mukayenda mu Buchanan Street tsiku la mphepo mudzaona maambulera otembenuka, nthiti zili pamtunda, ataponyedwa m'mabini.

Poyesa jekete, muitembenuze muone m'kati. Yabwino imakhala ndi timizere ta pulasitiki tomatidwa pamwamba pa misoko yonse, chifukwa madzi amalowera m'mabowo a singano. Ikhale yokulirapo kuti juzi izilowa m'kati. Anthu ambiri ochokera kotentha amathamangira chijasi chimodzi chokhuthala, koma chimenecho chikanyowa chimatenga masiku kuti chiume, ndiponso mukalowa nacho m'basi kapena m'kalasi motenthetsedwa mumayamba kutuluka thukuta. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza kuti muzichotsa kapena kuwonjezera. Kuzizira kwa ku Glasgow sikufika poopsa ngati kwa ku Canada, chipale sichigwa kawirikawiri, koma chinyezi chimachititsa kuti kuzizira kochepa komweko kulowe mpaka m'mafupa.

Nsapato mukhale nazo mapeyala awiri osalowa madzi, kuti ina ikamauma ina muvale. Yonyowa muiike manyuzipepala m'kati usiku, osaigoneka pa hita chifukwa chikopa chimang'aluka. Musachite manyazi kulowa m'masitolo a mabungwe achifundo ogulitsa zovala zovalidwapo kale, ngati amene ali mu Byres Road. Eni dziko omwe amagula kumeneko, ndipo ife amene tinakulira pa kaunjika diso losankha tili nalo kale.

Nyumba: apa ndiye pofunika kudekha

Mvula ya mumsewu imauma mukasintha zovala. Imene imasautsa ndi yolowa m'nyumba mwakachetechete. Nyumba zambiri za lendi ku Glasgow ndi midadada yakale yamiyala, yosanja katatu kapena kanayi, yomangidwa zaka zoposa 100 zapitazo. Ndi zokongola, zipinda zake n'zazikulu, denga lili patali, koma kuzitenthetsa kumadya ndalama ndipo zina zimasunga chinyontho.

Musalipire dipoziti musanaione nyumba ndi maso, kapena musanatume munthu amene mumamukhulupirira. Mukalowa, yambani ndi mphuno. Nyumba yachinyontho imanunkha ngati chovala choiwalika m'beseni. Kenako suzumirani kuseri kwa wadiropu, m'makona a denga la kubafa ndi m'mphepete mwa mawindo, mukufufuza timadontho takuda ta chuku. Gwirani khoma loyang'ana panja. Likakhala lozizira ndi lonyowa, kapena mukaona penti yatsopano pakona imodzi yokha, funsani chifukwa chake. Funsaninso ngati mawindo ali a magalasi awiri, komanso ngati nyumbayo amaitenthetsa ndi gasi kapena magetsi, pakuti magetsi amakwera mtengo kwambiri. Ku Scotland lamulo limafuna kuti mwininyumba aliyense wochititsa lendi alembetse ku khonsolo, kuti nyumba isalowe mphepo kapena madzi, ndiponso kuti dipoziti isapitirire lendi ya miyezi iwiri.

Mukalowamo, gawo lina la chinyontho mudzalipanga nokha. Kuphika nyemba maola awiri, kusamba madzi otentha, kuyanika zovala m'chipinda, ngakhale kupuma kumene, zonsezi zimatulutsa nthunzi imene imakasanduka madzi pagalasi ndi pakhoma lozizira. Choncho vundikirani poto, tsekani chitseko cha kukhitchini pophika, ndipo tsegulani mawindo mphindi khumi m'mawa uliwonse ngakhale kunja kukuzizira. Ndikudziwa kuti zimapweteka kutulutsa kutentha kumene mwalipira, koma chuku chikamera chimaononga zovala, mabuku ndi chifuwa chomwe. Madzi a pawindo muzipukuta m'mawa, bedi ndi wadiropu muzisiye kampata ndi khoma.

Kuchapa ndiye mutu wina. Zoti muchapa Loweruka m'mawa n'kuanula masana muiwale. Nyumba zina zakale zili ndi mitengo yoyanikira yolendewera kudenga la khitchini, imene mumaitsitsa ndi chingwe, kuyanika zovala, n'kuikokanso m'mwamba kumene kuli mpweya wofunda. Mukaipeza, musaione ngati chokongoletsa. Ngati mulibe, yanikani m'chipinda chimodzi chotseka, zenera lili lotsegula pang'ono. Amene akhalitsa amagula kamakina koyamwa chinyezi m'nyumba, ndipo kwa ine kamenekako ndi kofunika kuposa TV.

Konzekerani mdima

Za mvula anthu amakuchenjezani, koma chimene chimagwetsa ambiri ndi mdima. Chakumapeto kwa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo maola asanu ndi awiri amenewo nthawi zambiri amakhala a mitambo. Chaka chonse Glasgow imaona dzuwa maola pafupifupi 1,200 okha. Munthu umapita kuntchito kuli mdima, kubwerako kuli mdima, thupi n'kuyamba kulemera, tulo osatha, mtima osafuna kuona anthu.

Azaumoyo ku Scotland amalangiza aliyense kumwa vitamini D wokwana mamayikirogalamu 10 patsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo kwa anthu akhungu lakuda ngati ife amati ndi bwino kumwa chaka chonse, poti khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitaminiyu. Amagulitsa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu popanda kalata ya dokotala. Nthawi ya nkhomaliro tulukani panja ngakhale kukuwaza, chifukwa kuwala kwa kunja, ngakhale kwa mitambo, kumaposa kwa babu. Lembetsani kwa dokotala wa m'dera lanu mukangofika, osadikira kudwala, ndipo mukaona kuti kukhumudwa kwatenga masabata, kamuuzeni. Pezaninso anzanu. Ubale wa Scotland ndi Malawi ndi wakale, maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, ndipo Amalawi ku Glasgow simungawasowe mukafunsa kutchalitchi kapena kuyunivesite. Poimba foni kumudzi kumbukirani kuti nthawi yozizira ya ku Glasgow, kwathu amakhala patsogolo ndi maola awiri, nthawi yotentha ola limodzi.

Khalani ndi kopita tsiku la mvula

Mzindawu unazolowera nyengo yake, choncho malo ambiri oti muone ali pansi pa denga ndipo ambiri ndi aulere. Kelvingrove Art Gallery and Museum, nyumba yoonetseramo zojambula ndi zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1901, mukhoza kutheramo tsiku lonse osalipira kanthu. Riverside Museum ili ndi magalimoto, sitima ndi mabasi akale, ana amasangalala nayo. Mukalakalaka kutentha kwa kwathu, pitani ku Botanic Gardens mukalowe m'nyumba zamagalasi momwe amasungira zomera za kumadera otentha. Pozungulira gwiritsani ntchito sitima yapansi pa nthaka, ya mu 1896, imene imangoyenda mozungulira masiteshoni 15, moti ngakhale mlendo sangasochere.

Mmalawi asalephere kufika ku Blantyre wa ku Scotland, mphindi pafupifupi 20 pa sitima kuchokera ku Glasgow Central. Kumeneko kuli nyumba imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813, m'kachipinda kamodzi ka banja lonse, pafupi ndi pamene panali fakitale ya thonje imene ankagwirako ntchito ali mwana. Mishoni ya mu 1876 imene inabala mzinda wathu wa Blantyre inatenga dzina pamenepo. Kumeneku kumakhala kolipira, ndipo onani kaye masiku otsegulira.

Pa foni ikani pulogalamu ya Met Office, bungwe loona zanyengo, ndipo muziyang'ana za ola ndi ola osati za tsiku lonse. Machenjezo ake ali pa mitundu itatu: lachikasu, la mtundu wa lalanje ndi lofiira. Lofiira silibwera wamba. Mu Januwale 2025, mkuntho wotchedwa Éowyn utafika, sukulu zinatsekedwa ndipo sitima zonse ku Scotland zinaima. Tsiku ngati limenelo khalani m'nyumba.

Dzuwa likatuluka

Siyani zimene zingadikire, mutuluke nthawi yomweyo. Musanene kuti ndimalize kaye kukolopa, chifukwa pomaliza mudzapeza mitambo yabwerera. Chapani mabulangete ngati pali poyanika panja, tsegulani mawindo onse, kenako pitani ku Kelvingrove Park kapena ku Glasgow Green. Mudzapeza anthu ali ngundangunda pa kapinga, amuna atavula malaya, ana akunyambita ayisikirimu, kutentha kwake kuli madigiri 18, kumene ku Nsanje angakuvalireni juzi. Dziwani kuti kumwa mowa m'paki kapena mumsewu ndi mlandu ku Glasgow.

M'mwezi wa Juni kumada itadutsa 10 koloko usiku, choncho ngakhale mutaweruka 5 koloko nthawi ilipo yokwera sitima ku Queen Street kupita ku Balloch, m'mphepete mwa nyanja ya Loch Lomond, ulendo wosakwana ola. Jekete ikhale m'chikwama, ndipo mugule mankhwala odzola othamangitsa tizilombo. Madzulo kukakhala bata, m'mbali mwa nyanjayi mumadzaza timbuyetimbuye toluma ting'onoting'ono kuposa udzudzu. Malungo tilibe, koma mudzakanda mpaka Lachitatu.