Momwe mungapulumutsire chikwangwani chakale cha wotchi cha pa sitolo ya mphete

M'matauni ang'onoang'ono a ku America m'zaka za m'ma 1800, wogulitsa mphete ndi ndolo ankakonzanso mawotchi, ndiye panja pa sitolo ankapachika chiwotchi chachikulu chosayenda, chachitsulo kapena cha zinki. Mivi yake inkajambulidwa ndi penti, kawirikawiri pa 8:20 kapena chapafupi, kuti dzina la sitolo lipeze malo. Ena amati imeneyi ndi nthawi imene Abraham Lincoln, pulezidenti wa dzikolo, anamwalira, koma iye anamwalira 7:22 m'mawa pa 15 April 1865.

Chikwangwani chotere mtengo wake uli pa penti yakaleyo. Mukachipenta mwatsopano, mwachiwononga.

Yambani ndi kuchijambula mbali zonse ziwiri musanachikhudze. Kenako onani chitsulo chimene chachigwira kukhoma. Chikachita dzimbiri chimafufuma n'kung'amba njerwa, choncho chikwangwanicho chitsitseni muli awiri.

Musachipale ndi sandipepala. Penti ya nthawi imeneyo inali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana. Valani magolovesi, muchotse fumbi ndi burashi yofewa, kenako mupukute ndi thonje lonyowa pang'ono, poyamba pakangodya kobisika. Thonje likatenga mtundu wa penti, lekani.

Pamene penti ikutukuka ndi pamene pamafunika kuleza mtima. Sungunulani magalamu 5 a Paraloid B-72 (mankhwala omatira) mu mamililita 100 a asetoni (mankhwala amadzimadzi osungunulira), pamalo popita mphepo komanso kutali ndi moto. Ndi kaburashi kakang'ono, lowetsani mankhwalawa pansi pa kachidutswa kalikonse, n'kukakanikiza pang'onopang'ono. Mukachulutsa, pamatsala banga lonyezimira. Ubwino wake ndi woti asetoni yomweyo imawachotsanso, koma imathanso kufewetsa penti ina, ndiye yesani kaye.

Ikani maginito kuti mudziwe chitsulo chake. Ikapanda kugwira, mwina ndi zinki, ndipo penti yamafuta musaiyandikize: imasanduka ngati sopo pamene yakhudzana ndi zinki n'kusendeka. Ikagwira, chotsani dzimbiri pamalo opanda penti pokha, mupake phula lopyapyala la microcrystalline, likauma mupukute ndi nsalu yofewa.

Chikatha, chipachikeni m'nyumba, pouma. Ngati mukufuna china panja, lembetsani chatsopano kwa wolemba zikwangwani potengera zithunzi zija.