Momwe mungasankhire mfuti yokhomera ndi misomali yake pokhoma matabwa a cedar olowetsana kunja kwa nyumba

Khoma loyamba la cedar lomwe ndinakhoma nditafika ku Britain linali lokongola kwa miyezi iwiri yokha. Mvula itagwa kangapo, pansi pa msomali uliwonse panatsika kamzere kakuda ngati nyumba ikulira. Mwini nyumba anandiitana, ndipo ndinalibe pothawira chifukwa misomali ndinagula ndekha, yotchipa ija yonyezimira.

Matabwa a tongue and groove timawadziwa kale kwathu. Ndi omwe aja a paini a ku Chikangawa okhomera siling'i: mbali ina ali ndi lilime, mbali ina kangalande kolowamo lilime la thabwa linzake. Koma siling'i sinyowa. Kunja nkhani ndi ina, makamaka thabwa likakhala la western red cedar, mtengo wa ku British Columbia ndi kumpoto chakumadzulo kwa America. Musausokoneze ndi mkungudza wa ku Mulanje, womwe uli pafupi kutha.

Choyamba, sankhani msomali, mfuti ibwera pambuyo

Ambiri amathamangira mfuti, kenako nkumafunsa misomali yomwe ingalowemo. Tembenuzani. Cedar ali ndi mankhwala achilengedwe omwe amamuteteza kuti asawole msanga, koma mankhwala omwewo akakumana ndi chitsulo wamba pachinyezi amatulutsa utoto wakuda uja. Ndiye gulani misomali ya stainless steel. Pabokosi pamalembedwa 304 kapena A2, ndipo imeneyo ikwanira malo ambiri. Ngati nyumba ili kufupi ndi nyanja yamchere, monga ku Cape Town kapena ku Brighton, tengani 316, ena amati A4.

Ya hot-dipped galvanized, yoviikidwa mu zinki, yotuwa yokhakhala ija, ndi yololedwa makamaka ngati khomalo mudzalipaka penti yobisa thabwa. Vuto lake nlakuti mfuti ikamamenya imatha kusupula mutu, chitsulo nkuonekera. Ya electro-galvanized, yomwe inandichititsa manyazi, isiyeni m'sitolo momwemo. Ya aluminiyamu sidetsa, koma sigwirizana ndi mabateni (timitengo ta pakhoma tomwe mumakhomerapo matabwa) onyikidwa m'mankhwala a kopa, ndipo mabateni ambiri akunja ndi otero.

Yang'ananinso thupi la msomali. Likhale lowonda, lokhala ndi timizere tozungulira, lomwe amati ring shank. Cedar ndi wofewa, amafufuma dzinja nkunyala chilimwe, ndipo msomali wosalala umatuluka pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Nsonga yobuntha ndi yabwino kuposa yosongoka: imaphwanya ulusi wa thabwa m'malo moulekanitsa ngati nkhwangwa, choncho thabwa siling'aluka.

Kutalika kwake werengani chonchi: msomali ukadutsa thabwa, ulowe mamilimita osachepera 32 mu mtengo wolimba wakumbuyo. Pa thabwa lokhuthala mamilimita 19, msomali wa mamilimita 51 kapena kupitirira pang'ono ndiye wake. Musapitirirenso mpaka kuboola pepala lotchinga madzi lomwe lili kuseri kwa mabateni.

Chachiwiri, yezani m'lifupi mwa thabwa

Apa ndi pomwe mudziwire mokhomera. Thabwa losapitirira mamilimita 150 mukhoza kulikhoma mobisa: msomali umodzi pa bateni iliyonse, wolowa chopendekera ngati madigiri 45 patsinde pa lilime, kenako thabwa lotsatira limauphimba. Khoma limaoneka loyera bwino, opanda mutu wa msomali ndi umodzi womwe.

Lokulirapo silingagwire ndi msomali umodzi wa palilime, limapindika. Limenelo khomani pankhope, misomali iwiri pa bateni iliyonse, ndipo kokani chingwe kuti mitu yake ifole bwino, chifukwa idzaoneka moyo wonse wa nyumbayo. Kumalo amphepo yamphamvu kapena dzuwa lootcha, ine ndimakhoma pankhope ngakhale matabwa ang'onoang'ono.

Chachitatu, mfuti

Yomwe inapangidwira ntchitoyi ndi coil siding nailer. Misomali yake imabwera yokulungidwa ngati nkhata, ya mamilimita 32 mpaka 65, yamutu wathunthu koma waung'ono. Makampani a Makita ndi Bostitch onse ali nazo. Ngati nkotheka tengani nkhata yomangidwa ndi pulasitiki, chifukwa ya waya imathetheka tizidutswa, ndipo tikatsalira pathabwa timadetsa.

Finish nailer, mfuti ya misomali yowonda ya geji 15 kapena 16 (geji ndi muyeso wa kunenepa kwa msomali), amisiri ambiri amaikonda pokhoma mobisa, poti kamutu kake sikatsekereza ngalande ya thabwa lotsatira. Kunena zoona imagwira mofooka poyerekeza ndi ring shank. Ndimaigwiritsa pansi pa denga la khonde kapena pakhoma lobisika ku mvula, ndipo ndi misomali ya stainless basi. Brad, timisomali towonda kwambiri ta geji 18, ndi ta mafelemu a zithunzi. Mfuti yokhomera mitengo ya denga ndiye ayi, imang'amba lilime kamodzinkamodzi.

Ya mpweya kapena ya batire? Ngati ndi nyumba yonse, kompuresa ndi paipi yake zimapepuka m'manja ndipo sizitopa. Kakhoma kamodzi, bwerekani kumalo obwereketsa zida. Khoma laling'ono kwambiri nyundo ndi panchi, kachitsulo komiza mutu wa msomali, zimatha ntchito.

Chachinayi, yesani pa chidutswa

Mfuti zambiri za mpweya zimagwira mphamvu ya mpweya ikakhala pakati pa psi 70 ndi 120. Yambirani pansi, ndipo yesani pa chidutswa cha cedar yemweyo chitagona pa bateni. Mutu wa msomali ungofanana ndi nkhope ya thabwa. Ukamira, wakumba kadzenje kosunga madzi ndipo mphamvu yogwira yachepa. Sinthani kagudumu ka kuya komwe kali pafupi ndi mphuno ya mfuti musanakhudze kompuresa. Ndi bwino msomali utsale pang'ono mumalize ndi nyundo.

Valikani kachipewa ka labala kumphuno kuti isadinde thabwa. Ikani mfuti pa kuombera kamodzikamodzi, osati kuja kongoombera mphuno ikagunda thabwa. Magalasi m'maso, ndipo dzanja logwira thabwa likhale kutali kuposa kutalika kwa msomali, chifukwa ukagunda mfundo umakhota nkutulukira pomwe simumayembekeza.

Pokhoma penipeni

Matabwa akafika, asanjikeni pamthunzi osakhudza pansi kwa sabata kapena kupitirira kuti azolowere nyengo. Pakani mafuta kapena penti mbali zonse, ndi pomwe mwadula pomwe. Ngati akugona chopingasa, yambirani pansi, lilime kumwamba, ngalande pansi, kuti madzi asakhale ndi pogona. Thabwa loyamba litalikire nthaka mamilimita 150, ndipo liyezeni ndi levulo kawiri. Likakana kulowa, gogodani kudzera pa kachidutswa ka ngalande, osamenya lilime ndi nyundo. Kumapeto kwa thabwa ikani mfuti pansi, boolani ndi dirilo kaye nkukhoma ndi dzanja.

Ngati mizere yakuda yatuluka kale, oxalic acid wosungunula m'madzi amaichotsa. Valani magolovesi, tsukani bwino pambuyo pake, ndipo musakwechepo ndi waya wotsukira mapoto, chifukwa timanyenyeswa take timabweretsa madontho ena. Utotowo umabweranso ngati misomali ili yomweyo. Pa khoma langa lija ndinazula yonse, masiku atatu, osalandira kanthu.