Njoka kumunda ndi pakhola: momwe mungapewere kulumidwa ndi zochita ikakulumani

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, njoka zimayamba kuoneka pafupipafupi. Madzi amalowa m'maenje momwe zinabisala, achule amachuluka, udzu nawo umakula msanga n'kutseka tinjira. Ndi nyengo yomweyonso imene alimi a ku Lirangwe, Kunthembwe, Mpemba ndi Machinjiri, m'boma la Blantyre, amalawirira kumunda kusanayere, ambiri atavala mapatapata, ena opanda nsapato n'komwe. Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse anthu apakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira chaka chilichonse atalumidwa ndi njoka, ndipo ochuluka ndi alimi, abusa a ziweto ndi ana akumudzi. N'chifukwa chake mu 2017 bungweli linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'mayiko otentha.

Choyamba, zidziweni njoka za kwathu kuno

Mphiri ndiyo yofunika kuiopa kwambiri m'mizere. Ndi yaifupi, yonenepa, ya mutu wotambalala, ndipo mawanga ake amasokonezeka ndi masamba ouma. Njoka zambiri zikamva mgugu wa mapazi zimathawa, koma iyo imangoti phee, kudalira kuti simuiona, mpaka mutaiponda. Poizoni wake amaononga minofu: mwendo umatupa, pamatuluka matuza, ndipo thandizo likachedwa pamayamba kuwola.

Pali ina yolavula, imene ambiri amangoti mamba. Ikakwiya imadzutsa mutu, kutambasula khosi, n'kuthira poizoni m'maso mwa munthu amene ali mamita awiri kuchokera pomwe ili. Imakonda achule, mazira ndi anapiye, ndipo usiku imalowa m'nyumba n'kuluma anthu ali m'tulo. Black mamba ndi ina. Thupi lake ndi lotuwa, chakuda ndi m'kamwa mokha, ndipo imatalika kupitirira mamita awiri. Imakhala m'chulu, m'mphako ndi m'miyala ya m'mphepete mwa mapiri ngati Michiru. Poizoni wake amafoola thupi: zikope zimalemera, mawu amatuluka mokoka, dovu limachucha, kenako kupuma kumavuta.

Othyola nandolo ndi mango asamale ndi nalikukuti, yoonda yofanana ndi kanthambi kouma. Olima akumbukirenso kanjoka kakuda konyezimira kamene khasu limafukula nthaka ikanyowa. Ana amakatola poyesa n'kopusa, koma mano ake amabaya cham'mbali, moti ngakhale mutakagwira pakhosi kakubayani chala.

Zina zambiri zimene timapha zilibe mlandu. Chakusa, ija ya bulawuni yopezeka kunkhokwe, ilibe poizoni, ndipo ntchito yake n'kukudyerani makoswe.

Chachiwiri, chotsani chimene chikuziitana

Njoka imabwera pakhomo pofuna chakudya ndi pobisala. Chakudyacho ndi makoswe, achule ndi anapiye. Mukasiya madeya poyera, chimanga chili mbwee pansi, mwaitana makoswe, ndipo njoka ikubwera m'mbuyo mwawo. Sungani madeya m'chidebe chotseka, sesani pansi pa nkhokwe, ndipo tchetchani udzu kuzungulira nyumba, khola ndi njira yopita kuchimbudzi. Mulu wa njerwa, malata akale, nkhuni ndi manyowa zikhale patali ndi pogona anthu. Khola la nkhuku likhale lam'mwamba, mazira muzitolera tsiku ndi tsiku, ndipo mipata ya pansi pa chitseko muitseke. Ogona pamphasa azipinda neti pansi pa mphasayo mbali zonse. Neti yomwe ija ya udzudzu imatchinganso njoka.

Zotentha matayala kapena kuthira oyilo wakuda kuzungulira khola n'kungotaya nthawi. Utsi ukatha, makoswe aja akadalipo.

Chachitatu, dzanja lisatsogole kumene maso sanaone

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambiri amalumidwa kuphazi, m'katumba kapena kudzanja, ndipo kawirikawiri amakhala ataponda kapena kupisa malo osaoneka. Jombo ndi buluku lalitali lotayirira zimateteza kwambiri popalira, pobandira ndi pothirira kudimba. Zimatentha, inde, koma mtengo wa jombo sungafanane ndi wogoneka mlimi mwezi wathunthu nthawi yopalira.

Mukamagwetsa mkukwe wa chimanga, yambani mwaugwedeza ndi ndodo yaitali, muime kaye pang'ono, kenako muzikoka mapesi kuchokera pamwamba. M'mikukwe mumadzaza mbewa, ndipo mphiri imadziwa zimenezo. Ochita ulimi wa mtayakhasu, amene amaphimbira munda ndi mapesi, azikankha zophimbirazo ndi khasu asanaikepo dzanja. Omweta nsenjere ya ng'ombe zamkaka aziyamba amenya udzuwo ndi mtengo, chifukwa dzanja logwira udzu ndilo limafika pansi chikwakwa chisanafike. Chipika chikakhala panjira, kwerani pamwamba pake muone kuseri, osangochidumpha. Potembenuza mwala kapena lata, dzutsani mbali yakutali ndi inu kuti chimene chili pansicho chithawire uko.

Anyamata okumba mbewa tikakolola awuzidwe mosabisa: una sapisamo dzanja, amalowetsamo kamtengo. Chimodzimodzi otchera ngumbi pachulu usiku. Tochi ndi nsapato zisatsale, ngakhale paulendo wongopita kuseri kwa nyumba, pakuti mphiri ndi yolavula ija zimayenda kwambiri kukada.

Chachinayi, mwaiona: imani, bwererani

Musathamangire ndodo. Imani kaye, muone kumene yaloza, kenako bwererani cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mutatalikirana nayo mamita asanu kapena kuposa. Isiyireni njira. Njoka imene anthu amati inawathamangitsa nthawi zambiri imakhala ikuthawira kudzenje lake, munthuyo ataima pakati. Ikadzutsa mutu n'kutambasula khosi, tembenuzani nkhope, tchingani maso ndi mkono. Itanani ana ndi agalu achoke.

Ikalowa m'nyumba kapena m'khola, tulutsani anthu, tsegulani chitseko, muziiyang'anira muli patali. Kulimbana nayo pakona ya chipinda n'kumene kumalumitsa amuna ambiri ofuna kuonetsa chamuna. Yophedwa kale musaigwire ndi manja, chifukwa mutu wa njoka umatha kuluma ngakhale utadulidwa, ndipo zina zimanamizira kufa. Nsato ilibe poizoni, ndipo ndi nyama yotetezedwa ndi malamulo. Ikayamba kutha nkhuku kapena ana a mbuzi, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Chachisanu, munthu walumidwa

Mchotseni pamene pali njokayo, mumukhazike pansi, ndipo yang'anani nthawi pa foni. Mulimbitseni mtima, pakuti si kuluma kulikonse kumene kumalowetsa poizoni, komanso mantha ndi kuthamanga zimafulumizitsa poizoni kuyenda m'thupi. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato kutupa kusanayambe. Ikani thabwa kapena ndodo yowongoka m'mbali mwa mwendo kapena mkono wolumidwawo, n'kukulunga ndi chitenje momasuka kuti chiwalocho chisamagwedezeke. Asayende yekha. Mnyamuleni pa machira, pa chitseko, pa ngolo kapena pa galimoto. Ngati chilipo ndi njinga yamoto yokha, wina akhale kumbuyo kwake amugwirire, chifukwa akhoza kufooka panjira. Akayamba kusanza kapena kuwodzera, mgonekeni chammbali.

Tsono pali zimene tinazolowera, zomwe zimaonjezera vuto. Kumanga mwendo ndi mphira kapena luzi mothinitsa kumatseka magazi, ndipo pa bala la mphiri kumafulumizitsa kuwola, mpaka ena amadulidwa chiwalo chimene chikanapulumuka. Kutema mphini pabala kumataya magazi ndi kulowetsa matenda. Kuyamwa ndi pakamwa sikutulutsa kanthu, mwala wakuda nawonso sukoka poizoni amene walowa kale m'minofu. Kachasu asapatsidwe. Ululu ukakula, panado ndi wokwanira. Asipulini ndi bulufeni ayi, chifukwa zimachititsa kuti magazi asaundane msanga.

Ena amayamba apita kwa sing'anga, n'kumati chipatala tikaona mawa. Amene amachira kumeneko nthawi zambiri ndi amene analumidwa ndi njoka yopanda poizoni, kapena imene sinathire poizoni wambiri. Kwa wolumidwa ndi black mamba, maola ochepa okhawo ndiwo mpata wonse umene ali nawo.

Pitani kuchipatala chimene chili pafupi, kaya ndi ku Mdeka, Chileka, Madziabango kapena ku Mlambe ku Lunzu. Mankhwala olimbana ndi poizoni, antivenomu, sapezeka m'chipatala chilichonse, ndipo amaperekedwa kudzera m'mitsempha wodwala akuyang'aniridwa, chifukwa thupi la ena limawakana mwamphamvu. Azachipatala akaona kuti kutupa kukukwera, m'kamwa mukutuluka magazi kapena kupuma kukuvuta, amatumiza wodwalayo ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Musataye nthawi kusakasaka njoka kuti mupite nayo. Chithunzi chojambula muli patali n'chokwanira, ndipo ngati palibe, madokotala amaona zizindikiro. Auzeni nthawi imene analumidwa ndi chilichonse chimene wamwa kapena kupakidwa. Akanena kuti agone kaye m'chipatala, musakakamire kubwerera poti akuoneka bwino. Linda madzi apite ndiye uziti ndadala: poizoni wa nalikukuti amatha kukhala tsiku lathunthu osaonetsa kanthu, kenako magazi n'kuyamba kutuluka m'mphuno, m'nkhama ndi mumkodzo.

Ikakulavulirani m'maso

Musatikite. Tsukani ndi madzi ambiri aukhondo kwa mphindi 15 mpaka 20, wina akuthira inu mutatsegula zikope, kenako pitani kuchipatala akaone ngati diso lakandika. Musadonthezemo madzi a zitsamba, mandimu kapena sopo. Poizoni akagwera pakhungu popanda bala, kusamba n'kokwanira.

Ziweto nazo zimalumidwa, makamaka pamphuno ndi m'miyendo zikamadya msipu. Ng'ombe kapena mbuzi ikatupa mwadzidzidzi kumaso kapena yayamba kutsimphina ikuchokera kubusa, ikhazikeni pamthunzi, masulani chingwe cha m'khosi, musaiyendetse mtunda wautali, ndipo itanani alangizi a ziweto. Galu wolavuliridwa m'maso mumutsuke ngati munthu. Nambala za alangiziwo, ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ya wa kabaza amene amayankha foni usiku zisungeni lero, ndipo ana aakulu pakhomopo adziwe pomwe zalembedwa.